Kodi Moto Wanu Munaupala Kwa Yani?

Nkhani imene ndabwera nayo ulendo uno ndi ya kukhichini, koma inayambira m'kalasi, ndipo yandisowetsa mtendere kuyambira chaka cha 2024.

Mwezi wa October chaka chimenecho, dzuwa likuswa mtengo ndipo magetsi akubwera maola owerengeka chabe pakati pa usiku, ndinali kuphunzitsa ana a Giredi 11 za kutha kwa nkhalango. Ndinalankhula mwaukali ndithu. Ndinawauza kuti ayang'ane mmene mapiri ozungulira Chipata ayerera, ndipo ndinati anthu owotcha makala, amene ambirife timangoti malasha, akupha dziko chifukwa cha dyera. Belu litalira, mtsikana wina wofatsa, amene samveka mawu m'kalasi, anatsalira. Anafika pafupi ndi tebulo langa, nanyonyomala pang'ono, nati: "Madamu, atate anga amawotcha malasha. Chimanga chathu chonse chinapsa ndi dzuwa. Yunifolomu iyi ndi nsapato izi ndi za malasha." Atatero anatuluka, ine n'kutsala kukamwa kuli yasa.

Madzulo a tsiku lomwelo panafika bambo wina pageti, akukankha njinga yosenza matumba atatu, thukuta lili kamukamu. Ndinanenerera mpaka anatsitsa mtengo, ndipo ndinalowa m'nyumba wokondwa kuti ndagula bwino. Pamene ndinali kukupiza mbaula kuti nditereke madzi a nsima, ndinazindikira kuti mkamwa mmene munatuluka chidzudzulo m'mawa ndi momwemo munatuluka mawu onenerera madzulo. Kodi bambo uja sangakhale tate wa mwana wina wa m'kalasi langa? Ngati kudula mitengo ndi mlandu, mlanduwo ndi wa yani, wa wogwira nkhwangwa kapena wa ine wogwira mthiko? Ndipo kodi ulipo moto umene munthu angaphikire popanda wina kuulipirira?

Mwambo wa kupala moto

Ine ndinakulira kumudzi cha ku Katete, nthawi imene machesi anali chinthu chosungidwa m'sutikesi. Usiku amayi anali kufotsera chikuni ndi phulusa kuti moto ugone mpaka m'mawa. Ukazima, anali kunditumiza ndi phale kwa anansi kukapala moto. Mwambowu unali ndi malamulo ake ngakhale sanalembedwe. Moto sunali kumanidwa ndipo sunali kugulitsidwa. Wopala anali kuodira, n'kutenga khala limodzi kapena awiri, osanyamula chikuni chonse cha eni ake. Anali kuthokoza, podziwa kuti mawa eni motowo adzabwera kwa iye ndi phale lawo. Mayi amene moto wake unali kuzima tsiku ndi tsiku, anzake anali kumunena kuti ndi wosasamala.

Chimene ndaona ndikamakumbukira zimenezi n'chakuti masiku amenewo tinali kudziwa nkhope ya munthu amene watipatsa moto. Lero timangodina swichi kapena kupereka ndalama pageti, ndipo timayamba kuganiza kuti moto ndi wathu chifukwa tagula. Koma ine amene ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri ndikukuuzani kuti munthu sapanga mphamvu. Amangozisuntha kuchoka pamalo ena kupita pena, kapena kuzisintha maonekedwe. Mtengo wa msuku kapena mombo umatenga kuwala kwa dzuwa ndi masamba ake, n'kusunga mphamvuzo m'thunthu kwa zaka 20, 30 kapena kuposa apo. Tikauwotcha, timatulutsa m'maola ochepa dzuwa limene unasonkhanitsa moyo wake wonse. Magetsi nawo ndi dzuwa lomwelo. Dzuwa limakweza madzi kukhala mitambo, mvula imagwa cha ku Mwinilunga ndi ku Angola, madziwo amatsika ndi Zambezi kudutsa chigwa cha Barotse ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya mpaka kukaima ku Kariba, ndipo akamagwa kuchokera pamwamba amazunguza makina. Choncho moto uliwonse ndi wopala, wa pambaula ndi wa pasitovu womwe. Chimene chasintha n'chakuti amene tawapalira motowo sitiwaonanso.

Ngongole ya magetsi

Kwa zaka zambiri ndinali kudziona wosalakwa chifukwa ndinali kuphika pa sitovu ya magetsi. Ndinali kunyadira kuti mapoto anga alibe mwaye ndipo palibe mtengo wagwa chifukwa cha ine. Koma mbiri ya Kariba imandichititsa manyazi pang'ono. Damu limeneli linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, makamaka kuti migodi ya ku Copperbelt ndi mafakitale a ku Southern Rhodesia apeze magetsi. Khoma lake ndi lotalika mamita 128. Madzi atayamba kudzaza chigwa cha Gwembe, anthu pafupifupi 57,000 a mtundu wa Atonga, a mbali zonse ziwiri za mtsinje, anasamutsidwa. Anasiya madimba a m'mbali mwa Zambezi mmene anali kukolola kawiri pachaka, anasiya manda a makolo awo, ndipo ambiri anakawatula kumalo ouma ngati ku Lusitu. Mu 1958 anthu a m'mudzi wa Chisamu anakana kuchoka, apolisi a boma la atsamunda anawombera mfuti, ndipo amuna 8 anafa. Mawaya a magetsi anadutsa pamwamba pa midzi yatsopano ya osamutsidwawo kupita kutali, eni chigwa n'kukhala mumdima zaka makumi angapo.

Amayi anzanga, ine sindinasamutse munthu, ndipo inu simunasamutse munthu. Ambirife tinali tisanabadwe. Koma nthawi iliyonse imene ndayatsa ayironi kusita zovala za kutchalitchi, ndapala moto kwa agogo ena a ku Gwembe amene sindinawaodire ndipo sindinawathokoze. Makolo anati walira mvula walira matope. Dziko lathu linafuna magetsi, ndipo linachita bwino kuwafuna, chifukwa popanda iwo zipatala, masukulu ndi zigayo sizikanayenda. Koma matope ake anagwera ena.

Chaka chimene nyanja inatsika

Magawo oposa 80 pa magawo 100 alionse a magetsi a dziko lathu akhala akuchokera m'madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge, ku Itezhi-Tezhi ndi kwina. Tinaona kale mu 2015 ndi mu 2019 kuti mvula ikachepa, magetsi amachepanso. Koma chilala cha 2024 chinaposa zonsezi. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka la chilala. Pofika September madzi ku Kariba anatsika kotero kuti mwa makina 6 a mbali ya Zambia, amodzi okha ndi amene anali kuzungulira, ndipo m'madera ambiri magetsi anali kuzima mpaka maola 21 patsiku. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Taonani tsono mmene chilala chimodzi chinagwirira anthu awiri. M'tauni, mayi amene anali ndi sitovu anafukula mbaula imene anaiiwala kuseri kwa nyumba. Kumudzi, bambo amene nkhokwe yake inali pululu ananola nkhwangwa, chifukwa chokolola chokha chimene chinatsala chinali mitengo. Awiriwa anakumana pageti, wina ndi njala ya moto, wina ndi njala ya ufa. Ngakhale boma mu April 2024 linaletsa kupereka zilolezo zowotchera malasha m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji, matumba sanaleke kuima m'mbali mwa misewu yathu. Aliyense amene wayenda pa Great East Road kuchoka ku Nyimba kudutsa Rufunsa mpaka Chongwe akudziwa chimene ndikunena.

Tinene zoona, owotcha malasha si amene anabweretsa chilala cha 2024. Chinadza ndi kusintha kwa nyengo kotchedwa El Niño, kumene kumayambira kutali m'nyanja ya Pacific. Komanso nkhalango zathu zambiri zimatha chifukwa chotsegula minda yatsopano. Komabe malasha ali ndi gawo lake lalikulu, makamaka kufupi ndi matauni. Chiwerengero chimene chakhala chikutchulidwa kwa zaka zambiri n'chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka. Ndipo pamene mitengo yatha, mvula ikagwa madzi salowa pansi. Amathamanga ndi dothi, mitsinje imadzaza mchenga, ndipo zitsime zimauma msanga.

Ngongole ya thumba limodzi

Tiyeni tiwerenge amene alipirira thumba lija ndinanenerera. Woyamba ndi wowotcha. Amagwetsa mitengo, kuidula zidutswa, kuiunjika, kuikwirira ndi dothi, n'kulondera uvuni masiku angapo usana ndi usiku akupuma utsi. Kenaka amapalasa kapena kukankha njinga mtunda wautali asanadye kanthu. Pa ndalama imene timalipira m'tauni, yambiri imatsalira kwa onyamula ndi ogulitsa, iye amalandira yochepa.

Wachiwiri ndi mtengo weniweniwo. Pa uvuni wa dothi, kuti patuluke kilogalamu imodzi ya malasha pamafunika nkhuni zolemera makilogalamu 5, nthawi zina mpaka 10. Mphamvu zambiri za mtengo zimathera kuthengo komweko ngati utsi ndi kutentha, tisanayatse n'komwe mbaula. Ndiye mbaula yathu yachitsulo yobowolabowola imatayanso kutentha kwambiri m'mbali, kochepa kokha n'kumene kumafika pa poto.

Wachitatu ndi mayi wa kumudzi kumene mitengoyo yachokera. Nkhuni zimene anali kutola kuseri kwa mudzi tsopano amakazifuna ulendo wa maola. Bowa amene amamera pansi pa mitengo ya mombo amasowa, masuku amasowa, uchi ndi mankhwala a zitsamba zimasowa. Iye saphikira malasha, ndipo magetsi sanafike kwawo, koma ndiye amasenza mtolo wolemera wa nsima yathu ya m'tauni.

Wachinayi ndife tomwe ndi ana athu. Bungwe la zaumoyo la WHO limati anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse padziko lapansi chifukwa cha utsi wa m'nyumba wochokera ku moto wophikira. Ndipo mwezi wa June ndi July uliwonse timamva za mabanja amene analowetsa mbaula m'chipinda chotseka kuti awothe, osadzukanso, chifukwa malasha amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha.

Wachisanu sanabadwe. Makolo anati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma pa nkhani iyi zatembenuka. Tikudya ndife akulu, zidzapota adzukulu.

Nanga mlandu ndi wa yani?

Poyamba ndinali kuloza chala wowotcha. Mtsikana uja anandiphunzitsa kuti tate amene ana ake agona ndi njala masiku awiri sangauzidwe kuti aganizire za mvula ya zaka 20 zikubwerazo. Palibe munthu amene amakonda ntchito ya malasha, ndipo palibe amene angawotche thumba limene sadzaligulitsa. Nkhwangwa yake imayendera ndalama yanga.

Tsono wina mwa inu anena kuti, "Amayi, nanga ife titani? Tidye ufa wosaphika? Magetsi kulibe, gasi ndi wodula, ana akufuna nsima." Funso limeneli ndi loona, ndipo sindikufuna kusenzetsa mlandu mayi wamasiye wa ku Mchini amene amagula kapulasitiki ka malasha kokwanira chakudya chimodzi. Wina anenanso kuti migodi yokha imadya pafupifupi theka la magetsi a dziko lonse, ndiye babu limodzi limene ine ndazimitsa lisintha chiyani? Izinso ndi zoona. Zinthu zazikulu, monga kumanga malo atsopano opangira magetsi, zili m'manja mwa boma ndi makampani, ndipo zina zachitika: Kafue Gorge Lower ya mamegawati 750 inamalizidwa mu 2023, ndipo mu 2025 ku Chisamba anatsegula malo a sola a mamegawati 100.

Koma ndikaganiza mofatsa, ndikuona kuti mayankho awiriwa, ngakhale ali oona, akhoza kusanduka bulangete lofunda tonse, osauka ndi opeza bwino omwe, kuti pasapezeke woyankha mlandu. Maganizo anga ndi akuti mlandu wa munthu umakula molingana ndi mpata umene ali nawo wosankha. Wowotcha amene chimanga chake chapsa ali ndi mpata wochepa. Wamasiye wa kapulasitiki ali ndi mpata wochepa. Ine amene ndimalandira malipiro mwezi ndi mwezi, amene ndingathe kusunga ndalama miyezi itatu n'kugula mbaula yabwino kapena silinda ya gasi, mpata wanga ndi waukulu, ndipo mlandu wanga ndi waukulu kuposa wa bambo uja ndinamudzudzula m'kalasi. Kuphika si tchimo. Pali kusiyana pakati pa kugwiritsa ntchito moto chifukwa chosowa, ndi kuutaya chifukwa chosasamala. Mayi amene anali kupala khala limodzi sanali kulakwira mnansi wake. Amene anali kulakwa ndi uja wosiya moto wake kuzima tsiku lililonse podalira kuti anzake alipo.

Za babu limodzi lija, yankho langa ndi ili. Sitimachita chilungamo pokhapokha titatsimikiza kuti chisintha dziko lonse. Pa ntchito yanga ya utumiki mumpingo, tikapereka kathumba ka ufa kwa wodwala mmodzi sitinena kuti njala ya m'Zambia yatha, komabe timapereka chifukwa ndi choyenera. Ndipo chikhulupiriro chathu chimatiphunzitsa kuti mnansi si wa khomo loyandikana lokha. Agogo a ku Lusitu, mayi wa ku Rufunsa ndi mdzukulu wosabadwa ndi anansi athu, popeza moto wathu umachokera kwa iwo.

Malamulo akale pa moto wa lero

Ngati moto uliwonse ndi wopala, malamulo a amayi athu akugwirabe ntchito. Loyamba, tenga khala lokwanira. Nyemba zoviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga kuposa zouma. Poto wovundikira amawira msanga kuposa wapululu. Mbaula yomatidwa dongo mkati imasunga kutentha ndipo thumba limakhalitsa. Malasha otsala tikatha kuphika tingawazimitse m'chitini chotseka kapena ndi mchenga, mawa n'kuwayatsanso, m'malo mowasiya asanduke phulusa tikucheza. Ine ndinaphunzira kwa mayi wina wa mumpingo mwathu kuphika ndi dengu: nyemba zoviika zikawira bwino kwa theka la ola, ndimachotsa poto pamoto, kumukulunga ndi mabulangete akale m'dengu, ndipo pakapita maola angapo zapsa zokha popanda khala lina. Kwa amene tili ndi magetsi, giza yosiyidwa usana wonse, mababu oyaka m'zipinda zopanda munthu ndi sitovu yoyatsidwa poto asanakonzeke, zonsezi ndi madzi a ku Kariba amene tikuwataya, ndipo madzi akatayika saoleka.

Lachiwiri, thokoza mwini moto. Ndinaleka kunenerera mopanda chifundo kwa munthu amene wakankha njinga kuyambira mbandakucha, ndipo ndimamupatsa madzi akumwa ndi mpando. Ndivomere kuti apa mtima wanga sunakhazikike kwenikweni, chifukwa wina angati kulipira bwino kumalimbikitsa kudula mitengo yambiri. Chimene ndasankha ine ndi kugula matumba ochepa koma pa mtengo woyenera, kusiyana ndi kugula ambiri pomufinya wosauka. Nkhalango singapulumuke pomudyera masuku pamutu munthu wanjala.

Lachitatu, bweza moto. Mitengo yathu yachilengedwe ili ndi khalidwe labwino lakuti chitsa chimaphukanso ngati chatetezedwa ku moto wolusa ndi mbuzi. Ambirife tili ndi minda kumudzi. Tingasiye chigawo china kuti chiphuke, tingabzale gliricidia kapena msangu m'minda, mitengo imene imakonza nthaka, ndipo gliricidia amapatsanso nkhuni zosadza chaka ndi chaka. Magulu athu amene amasonkha ndalama zogulira mapoto ndi zitenje angasonkhenso zogulirana mbaula zosunga moto kapena nyali za sola, mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Ndipo pamene makhansala ndi aphungu aitanitsa misonkhano ya chitukuko, amayi tisamangokhala kumbuyo ndi kuimba. Tifunse za magetsi a kumidzi, za mtengo wa gasi, ndi za ntchito zina zimene owotcha malasha angagwire, chifukwa kuletsa kokha popanda chopatsa munthu m'manja kumangomusandutsa wozemba usiku.

Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi lija ndi kupepesa pamaso pa ana onse, osatchula dzina la munthu. Ndinawauza kuti phunziro langa linali ndi theka lokha la choonadi, ndipo theka linalo linali m'khichini mwanga. Tinagwirizana kuti aliyense akawerenge kwawo masiku amene thumba limodzi limatha, kenaka ayese kuviika nyemba ndi kuvundikira mapoto, adzawerengenso. Mtsikana uja ndiye anali woyamba kubweretsa kope lake, ngakhale kwawo amaphikira nkhuni. Iye anawerenga mitolo imene amayi ake amasenza pa sabata.

Amayi anzanga, madzulo ano mukamayatsa mbaula kapena kudina swichi, dzifunseni funso limene ndaika pamutu pa nkhani ino, ndipo mukambirane pa msonkhano wanu wotsatira. Ambuye atipatse nzeru ndi mtima wokumbukira anansi amene sitiwaona.